Abwana akuti maganizo anga ndi "naive": anditukwana kapena andiyamikira?

Nangondo265
Abale a pagulu pano ndithandizeni, mtima sukukhazikika. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi, dzina ndisunga. Lachiwiri tinali pa msonkhano wokonza za mbewu yobwereketsa. Ine ndinati m'malo mowalembetsa anthu mafomu a masamba anayi ndi kuwafunsa chikole, tingowapatsa soya kudzera m'makalabu awo, adzabweza okha akakolola chifukwa amadziwana ndipo manyazi adzawagwira. Abwana athu, mayi wa ku Britain, anamwetulira n'kunena kuti, "That's lovely, but a bit naive." Anthu awiri anayang'ana pansi, wina anatsokomola. Ine ndinangothokoza poti ndinamva "lovely". Kunyumba, mwana wa achemwali anga wa Fomu 3 akuti mawuwo amanena munthu wosalakwa, wa mtima ngati wa mwana. Mnzanga wa ku ofesi akuti ayi, anakunena kuti ndiwe wopepera. Ndiye nditani, ndisangalale kapena ndikwiye?

KapeWakale
Achemwali, mwathokoza mbama. Kkkkk.

Nangondo265
A KapeWakale musandiseke, chakudya sichikutsika pakhosi kuno.

MphunzitsiWopuma
Mwana wanga, onse awiriwo sanakunamizeni. Mwana wa Fomu 3 wagwira mutu, mnzanu wa ku ofesi wagwira mchira, koma nyama ndi imodzi.

Mawuwa Angerezi anabwereka kwa Afalansa m'zaka za m'ma 1600. Afalansa nawo anawatenga ku Chilatini, ku mawu akuti "nativus", kutanthauza chobadwa nacho, chachilengedwe, chimene manja a munthu sanachikonze. Muzu wake ndi womwewo wa "native", ndiponso wa "nativity" amene timawamva pa Khrisimasi ana akamachita sewero la kubadwa kwa Yesu. Ndiye pansi penipeni pa mawuwa pali khanda. Munthu wa "naive" ali monga anabadwira: sadziwa kudzikometsera, sabisa mawu, saganizira mnzake zoipa. Poyamba kumeneko kunali kuyamikira ndithu.

Koma inu mukudziwa chimene dziko limachita ndi munthu wotere. Wosaganizira anzake zoipa ndiye amene amagulitsidwa foni ya sopo m'bokosi. Motero mawuwa anapendekeka pang'onopang'ono mpaka lero, munthu akakuuza ku ofesi, mwina kasanu ndi kanayi pa khumi akutanthauza kuti sunaganizire mmene anthu amachitira zenizeni. Si kutukwana ngati "stupid". Chitsiru sichingaphunzire, pomwe wa "naive" mutu uli bwinobwino, kungoti sanalumidwepo.

Chinanso onetsetsani: abwanawo anati "that's", sanati "you are". Ananena maganizo anu, osati inuyo. Kusiyanako n'kwakukulu.

WakuLeeds
Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndiwonjezere za anthu akewo poti ndakhala nawo zaka zisanu ndi ziwiri, ndimasamalira okalamba kuno. Mngerezi akati "a bit" musamakhulupirire kuti ndi pang'ono. Mvula ikuthira ngati ya Januwale, iye amati kwanyowa pang'ono. Gogo wina anathyoka ntchafu, ndikumufunsa akuti zikupweteka pang'ono. Ndiye "a bit naive" ija, mukaimasulira m'Chichewa chathu cha pa msika, ndi yakuti "zimenezo sizingatheke, mayi". Ndipo "lovely" uja ndi shuga wothira m'mankhwala owawa. Koma musaope, si chidani. Iwo amaona ngati akulemekezani pokana motero. Akanakhala kuti akwiya nanu akanayamba ndi "with respect", pamenepo ndiye muzithawa.

Nangondo265
Mayo ine. Ndiye awiri anayang'ana pansi aja amandimvera chisoni eti.

Chimtengo
Ine ndikukana. Si mawu okha amene tiyenera kuunika, komanso ndani akunena kwa ndani. Munthu wabwera dzana kuchokera kunja, akuuza mwana wobadwira kumudzi kuti sadziwa mmene anthu akumudzi amachitira? Wa "naive" ndani pamenepo? Mabanki m'khonde ali mudzi uliwonse, amayi amasonkha ndalama m'kabokosi ka maloko atatu, amabwereketsana popanda chikole cha galimoto kapena nyumba, ndipo pakutha pa chaka amagawana. Chimawagwira n'chiyani ngati si manyazi amene a Nangondo akunenawo? Ku Bangladesh, Muhammad Yunus anayamba mu 1976 pobwereketsa madola 27 kwa anthu 42 a m'mudzi wa Jobra. Akuluakulu a mabanki ankati osauka sangabweze ngongole. Mu 1983 Grameen Bank inakhazikitsidwa, mu 2006 iye ndi bankiyo analandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Mawu akuti "naive" nthawi zambiri ndi ndodo imene wokhala pa mpando amamenyera maganizo atsopano osavutika kuwayankha.

MlangiziWaUlimi
A Chimtengo, mwalankhula zokoma koma mwasakaniza mbuzi ndi nkhosa. Ku banki m'khonde ndalama ndi zawo. Mayi akalephera kubweza, amene akuluza ndi mnansi wake amene amatunga naye madzi pa mjigo, ndiye amamutsatira mpaka pakhomo. Mbewu ya bungwe ikafika pa galimoto yoyera yolembedwa m'mbali, anthu amati "za ulele zafika". Ndagawapo mbewu ine. Chaka china tinapereka mtedza m'makalabu asanu ndi limodzi, pobweza kalabu imodzi yokha inakwanitsa. Ena anati mvula inadula, ena anati chiswe, bambo wina anandiuza m'maso muli gwa kuti anakazinga n'kudya poti ana anali ndi njala. Sindinamuimbe mlandu, koma mbewu sinabwerere. Manyazi amagwira ntchito pamene mwini chinthu ali ndi nkhope. Bungwe lilibe nkhope.

Chimtengo
Ndiye vuto ndi galimoto yoyerayo, osati maganizo a a Nangondo.

MlangiziWaUlimi
Eya, koma kusaganizira za galimoto yoyerayo ndiye u-"naive" wakewo.

KapeWakale
Mtedza wokazinga sumera, zimenezo ndiye ndatolapo lero.

Woyang'anira_Gulu
Anthuni, za ngongole ya mbewu mutsegule nkhani yakeyake. Pano funso ndi la mawu. Tibwerere.

MwanaWaFomu4
Pepani akuluakulu, ine langa ndi la mayeso. Amatchulidwa bwanji? Aphunzitsi athu amati "neivu". Komanso m'buku lina ndinaona timadontho tiwiri pamwamba pa i, lina mulibe. Ndikalemba popanda timadontho andichotsera malikisi?

MphunzitsiWopuma
Mdzukulu, ukati "neivu" Mngerezi amva "knave", amene ndi mawu akale otanthauza kathyali, munthu wachinyengo. Ndiye kuti wamusandutsa wobedwa kukhala wakuba. Tchula mbali ziwiri: na-iiv, kapena nai-iiv, mphamvu ikhale kumapeto.

Timadonthoto ntchito yake ndi yomweyo. M'Chifalansa a ndi i zikatsatana zimawerengedwa ngati e, monga mu "lait", mkaka. Timadontho timachenjeza wowerenga kuti apa zilekanitse. N'timodzimodzi ta pa Noël ndi Citroën. M'Chingerezi cha lero "naive" ndi "naïve" zonse n'zololedwa, palibe woyesa mayeso wanzeru angakuchotsere. Zili ngati kachipewa kathu ka pa w mu Malaŵi: alipo amene amakaika, ambiri anakasiya, koma dziko ndi lomwelo.

Pamene ana ambiri amagwa ndi pa dzina lake la khalidweli. Pali "naivety", imene ndi ya Chingerezi, ndi "naïveté", imene yasunga malaya a Chifalansa ndipo Amereka amaikonda. Sankha imodzi, usaphatikize theka uku theka uko. Ndipo ngati ukufuna kudabwitsa anzako: m'Chifalansa "naïve" ndi wamkazi, wamwamuna ndi "naïf". Angerezi anangotola ya akaziyo n'kuveka aliyense.

KapeWakale
Ndiye abambo tonse opusitsidwa tavala chitenje osadziwa.

Kachipangizo
Werengani dzina la madzi a m'botolo aja a Evian kuchokera kumapeto muone. Zinangochitika, dzinalo ndi la tauni ya Évian-les-Bains ku France, koma anthu amaseka nalo amene amagula madzi okwera mtengo.

Nangondo265
Chabwino ndamva. Koma m'Chichewa tingati chiyani? Ndikufuna ndiwafotokozere amuna anga zimene zinandichitikira, ndikusowa mawu.

Mlaliki_Wamng'ono
Mawu alipo, ali m'Baibulo. Miyambo 14:15 m'Buku Lopatulika akuti wachibwana akhulupirira mawu onse, koma wochenjera asamalira mayendedwe ake. Baibulo la Chingerezi la King James pamenepo limati "the simple", ndipo la New American Standard limati "the naive". Ndiye omasulira athu akale anasankha kale: wachibwana. M'buku la Miyambo munthu ameneyu amasiyanitsidwa ndi chitsiru komanso ndi wonyoza. Wonyoza wauma kale mutu. Wachibwana khomo lake lili pululu, chabwino chingalowe, choipa chingalowe, n'chifukwa chake nzeru imamuitana m'misewu.

AnaPhiri_a_Dedza
Abusa, m'Baibulo zikhoza kukhala choncho, koma pa Chichewa cha lero wachibwana ndi wina. Ndikati mwamuna uyu ndi wachibwana ndikutanthauza kuti amasewera ndi zinthu zofunika, wapatsidwa ndalama ya feteleza wakagula sipika. Pali kusasamala mkati mwake. A Nangondo sanachite chibwana, anaganiza mofatsa, kungoti anawaganizira anthu zabwino zokhazokha.

Mlaliki_Wamng'ono
Mwanena zoona mayi, mawu amayenda. Nanga inu mukanati chiyani?

AnaPhiri_a_Dedza
Ine ndimaona kuti ife sititchula ndi liwu limodzi, timanena ndi chiganizo. "Sanaone zinthu ameneyu." "Akadali mwana." "Maso sanatseguke." "Amangokhulupirira aliyense." Apongozi anga akamanena za mtsikana wongokwatiwa kumene amene akuganiza kuti banja ndi kuseka kokhakokha, amangoti "musiyeni, dzuwa silinamuwombe". Mulibe mwano mmenemo, muli kachisoni ndi kakaduka pang'ono, ngati akunena kuti nafenso tinali choncho.

KapeWakale
Ku Ndirande timangoti kape, nkhani yatha.

WakuLeeds
Ayi, kape ndi "mug" kapena "sucker". Ameneyo ndi dzina limene wakuba amamupatsa munthu amene akufuna kumubera. "Naive" amatha kukuuza ndi mayi ako okukonda.

Chimtengo
Nanga wogona? Wotsalira? Wachimidzi?

AnaPhiri_a_Dedza
Wachimidzi ndikukana kwamtuwagalu. Agogo anga sanapite ku sukulu, sanakwerepo chikepe cha m'nyumba zosanja, koma wogula fodya sakanawabera pa sikelo ngakhale theka la kilo. Pomwe mwana wa mlongo wanga wa digiri anatumiza ndalama kwa munthu wa pa Facebook amene ankati ndi msilikali wa ku America. Kusadziwa tauni ndi kwina, kusadziwa mtima wa munthu ndi kwina.

WaKuJoni
Poti mwafika pamenepo, ndiulule zanga. Ndinafika ku Johannesburg koyamba ndili ndi zaka 23, chikwama chimodzi cha mizeremizere chija, ndi nambala ya msuweni wanga yolembedwa pa chikutiro cha kope. Basi inafika m'bandakucha, kukuzizira koopsa, foni yanga ilibe laini ya kuno. Ndaima choncho, kunabwera bambo wovala jekete yabwino, n'kundilankhula Chichewa chenicheni: "Achimwene mwafika bwino? Kwanu n'kuti?" Nditati ku Mangochi, anatchula misika ya kwathu mmodzimmodzi, mpaka anandifunsa ngati usipa watsika mtengo. Misozi inalengeza, ndinaona ngati Mulungu wanditumizira mngelo. Anandigulira tiyi wa m'kapu ya pepala ndi chitumbuwa cha kuno chija amati vetkoek. Kenako anati ndalama zanga zisakhale m'thumba chifukwa apolisi akazipeza alanda, ndimupatse asunge, ndipo ayimbire msuweni wanga pa foni yake panja pomwe pali netiweki. Ndinamupatsa ndalama, ndinamupatsanso chikutiro cha nambala chija. Ndinakhala pa benchi ndi kapu ija mpaka tiyi anazizira, mpaka dzuwa linatuluka, mpaka linafika pamutu.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si ndalamazo. N'chakuti kwathu munthu wokupatsa chakudya sumukayikira. Ndi mmene anatilerera. Sindinali chitsiru, ndinali ndi satifiketi ya Fomu 4 yabwino ndithu. Ndinangotenga malamulo a kwathu n'kukawagwiritsa ntchito pamalo pomwe sagwira. Abwana anga oyamba, nditawafotokozera patapita miyezi, anapukusa mutu n'kunena mawu omwewa a "naive". Sindinakwiye. Anali olondola.

GogoWaPaFoni
Pepa mwana wanga. Nanga msuweniyo unamupeza bwanji?

WaKuJoni
Mayi wina wogulitsa zipatso, wa ku Zimbabwe, anandibwereka foni ndinayimbira kumudzi, iwo ndiwo anandipatsanso nambala. Taonani agogo, tsiku lomwelo ndinakhulupiriranso mlendo wina, ndipo ameneyo ndiye anandipulumutsa.

KapeWakale
Apa sindiseka. Dzina langali linachokera ku nkhani yofanana nayo, ya uthenga wa pafoni wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Ndinatumiza.

Namwino_Usiku
Ndangotuluka ku wodi, ndawerenga zonse. Ndikuuzeni mbali ina imene simunaitchule: kuchipatala mawuwa timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo mulibe chipongwe ngakhale pang'ono. Munthu amene ali ndi HIV koma sanayambepo kumwa ma ARV timamulemba kuti "ART-naive". Tanthauzo lake n'lakuti thupi lake, ndi kachilombo kali m'thupimo, sizinakumanepo ndi mankhwalawa. N'zofunika kudziwa chifukwa amene anamwapo n'kusiya, kachilombo kake kakhoza kukhala kataphunzira kuwapirira, ndiye dokotala amaganiza mosiyana. Ma ARV aulere atayamba m'zipatala za boma mu 2004, pafupifupi aliyense wobwera anali wotero. Chimodzimodzi ndi mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine: amene sanalandirepo timamuyamba ndi mlingo wochepa, chifukwa mlingo umene wozolowera amaupirira ukhoza kumulepheretsa kupuma. Ngakhale m'magazi mwathu muli asilikali otchedwa "naive T cells", amene sanakumanepo ndi mdani amene anapangidwira kulimbana naye. Katemera ntchito yake ndi kuwaonetsa chithunzi cha mdaniyo nkhondo isanafike.

Tsiku lina bambo wina wophunzira bwino anasuzumira m'fayilo yake, anaona mawuwa, n'kuyamba kukalipa kuti anamwino tikumunyoza. Zinanditengera mphindi khumi kumukhazika pansi.

MphunzitsiWopuma
Zikomo anamwino, mwabweza mawuwa kwawo. Kumeneko ndiye tanthauzo lopanda chiweruzo: chinthu chimene sichinakumanepo ndi chinachake. Akatswiri a zinyama nawonso amatero ponena za zolengedwa za pa zilumba zimene sizinaonepo chilombo. Chitsanzo chodziwika ndi mbalame ya dodo ya ku Mauritius. Inalibe mdani, sinkauluka, inkaikira dzira pansi. Amalinyero a ku Holland atafika mu 1598 sinkawathawa. Anthu, nkhumba, makoswe ndi anyani obwera pa zombo anaimaliza zaka 100 zisanakwane. Anthu amaitchula ngati chitsanzo cha uchitsiru, koma pa chilumba chake inali yokwana bwino. Ndi nkhani ya a WaKuJoni yomweyo, kusiyana kwake n'kwakuti a WaKuJoni anapita okha kumene kuli makoswe.

WaKuJoni
Aphunzitsi mwandisandutsa mbalame tsopano, kkkk.

Kachipangizo
Ku makompyuta nakonso aliko. Njira yoyamba imene imabwera m'mutu pothetsa vuto, yosaganizira zidule, timaitcha "naive", monga kufufuza dzina m'kaundula poyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Imagwira, kungoti imachedwa. Palinso ina yotchedwa Naive Bayes, ya dzina la Thomas Bayes, m'busa wa ku England wa m'zaka za m'ma 1700, imene yagwiritsidwa ntchito kwambiri posefa ma imelo achinyengo. Anaitcha choncho chifukwa imangoganiza kuti liwu lililonse mu uthenga liliko palokha, losakhudzana ndi linzake, zomwe si zoona. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ili ndi maganizo olakwikawo, imagwira bwino kuposa mmene munthu angayembekezere. Ndiye wa "naive" ndi amene amatiteteza kwa akathyali a pa intaneti.

Chimtengo
Mwaona? Ndimanena ine.

MlangiziWaUlimi
Kompyuta sikazinga mtedza, a Chimtengo.

Wojambula_Zomba
Ine kwathu ku zojambula mawuwa ndi chiyamikiro, mwinanso ndi mtengo. "Naive art" ndi zojambula za munthu amene sanapite ku sukulu ya luso, sasamala malamulo akuti chakutali chichepe, chapafupi chikule, amangoika mitundu yowala monga mtima wamuuzira. Wotchuka kwambiri ndi Henri Rousseau wa ku France, amene anamwalira mu 1910. Ankagwira ntchito yotolera msonkho pa zipata za Paris, ndipo ankajambula nkhalango zowirira ndi akambuku chikhalirecho sanatulukepo m'dziko la France. Zomera ankakaziona ku munda wa Jardin des Plantes. Olemba nyuzi ankamuseka, koma Picasso anamukonzera phwando mu 1908. Ku America kunali Grandma Moses, mayi wa pa famu amene anayamba kujambula mwakhama ali ndi zaka za m'ma 70 n'kukhala ndi moyo mpaka zaka 101. Pafupi ndi ife pali Edward Saidi Tingatinga wa ku Tanzania, amene anayamba mu 1968 ku Dar es Salaam kujambula nyama ndi penti wa njinga pa timatabwa ta siling'i. Anamwalira mu 1972, koma kajambulidwe kake kakadali ndi dzina lake mpaka lero.

Koma ndinene chilungamo, mawuwa amandinyansa akamanenedwa ndi alendo ogula. Mzungu wina anaima pa zithunzi zanga, n'kumuuza mkazi wake kuti n'zokongola chifukwa ndi za "naive". Ine ndinaphunzira zaka zitatu, ndimadziwa bwino kujambula msewu wopita kutali. Ndinasankha dala kusatero. Iye anaona Mmalawi ndi mitundu yowala, basi waganiza kuti ndi mmene ndinabadwira.

AnaPhiri_a_Dedza
Ndiye munamuuza?

Wojambula_Zomba
Ndinakweza mtengo. Anagula ziwiri.

MphunzitsiWopuma
Kkkk, pamenepo wa "naive" anadziwika. Afalansa ali ndi dzina la zimene mumachitazo, "faux-naïf", wodzipusitsa dala. Kwathu kuno ndi kalulu wa m'nthano akamadziyesa wodwala kuti fisi amubereke.

Ndipo poti tili pomwepa, chimene chinachitikira mawuwa si chachilendo m'Chingerezi. "Silly", amene lero ndi wopusa, kalekale ankatanthauza wodala. Anachoka pa wodala, n'kufika pa wosalakwa, kenako womvetsa chisoni, pomaliza wopusa. "Simple" nayenso anachoka pa wosalakwa n'kufika pa wopusa. Ngati mukufuna kuyamikira munthu wa mtima woyera popanda mchira woluma, alipo ena: "guileless", wopanda chinyengo, kapena "artless", wosadzikometsera. "Ingenuous" aliponso koma ngoopsa, ana amamusokoneza ndi "ingenious", wanzeru zopanga zinthu. Ngati mukufuna kunena wopusitsika msanga basi, ameneyo ndi "gullible". "Naive" amakhala pakati, phazi limodzi uku lina uko, n'chifukwa chake a Nangondo sanagone.

Mlaliki_Wamng'ono
Ndipo ifenso Achewa tisadziyeretse. "Wofatsa" ndi chiyamikiro pa ukwati, ankhoswe akamanena za mkwatibwi. Koma wina akakuuza pa depoti kuti "mwafatsa kwambiri akulu", akutanthauza kuti akuberani. Mateyu 10:16 amafuna zonse ziwiri, ochenjera monga njoka ndi oona mtima monga nkhunda. Ine zaka zonsezi sindinakumanepo ndi munthu amene anazikwanitsa mofanana, aliyense amalemera mbali imodzi.

GogoWaPaFoni
Ine ndili ndi zaka 71. Ana anga amandinena mawu amenewa ndikapatsa munthu wopempha pa geti. Amati agogo akunamizani. Mwina ena amandinamizadi. Koma ndimadziwa kuti akhoza kunama, ndimapereka ndikudziwa. Kodi pamenepo ndikadali chimene mukunenachi?

WakuLeeds
Ayi agogo. Wa "naive" sadziwa kuti akhoza kunamizidwa. Inu mukudziwa ndipo mwasankha. Ana anuwo akulakwitsa mawu.

GogoWaPaFoni
Ndiwawerengera zimenezi akabwera Loweruka.

Nangondo265
Ndabweranso abale. Dzulo ndinalimba mtima n'kukagogoda ku ofesi ya abwana. Ndinati mayi, mawu aja ndawafufuza, ndikufuna mundiuze mbali iti ya maganizo anga inali choncho. Anachita manyazi, nkhope yonse kufiira, anapepesa kuti sanayenere kunena pagulu. Kenako ananena zofanana ndendende ndi za a MlangiziWaUlimi, kuti kumene anagwirako ntchito kale mbewu ya bungwe sinkabwerera. Ine ndinawafotokozera za banki m'khonde ya amayi anga, kuti kabokosi kamakhala kwa wina, makiyi kwa anthu atatu ena, ndipo palibe amene anathawapo ndi ndalama. Sankadziwa za makiyi atatuwo. Tagwirizana kuti tiyese makalabu awiri okha, ndipo mbewu yobwezedwa isabwerere ku bungwe koma ikhale ya kalabu, kuti wosabweza akhale walanda mnansi wake. Andiuza ndilembe pofika Lachisanu.

Amuna anga ndinangowauza kuti abwana anati dzuwa silinandiwombe. Anamva nthawi yomweyo, a AnaPhiri zikomo.

MlangiziWaUlimi
Imeneyo ikhoza kugwira. Musankhe makalabu amene ali kale ndi banki m'khonde, ndipo musapite pa galimoto yoyera.

Chimtengo
Mwaona kuti sankadziwa za makiyi? Mlandu wanga ndaupumitsa.

Nangondo265
Funso lomaliza, timadontho tija pa foni ndimatipeza pati? Ndikufuna ndiike mawuwo pa mutu wa lipoti, abwana akaseke.

Kachipangizo
Dinikizani i osachotsa chala, tituluka tokha pamwamba.